NGWAZI YA M'MATOPE: MBIRI YA ERIK DE VLAEMINCK

Abale athu a ku Msundwe ndi a midzi yonse yozungulira, nkhani ya mwezi uno ichokera kutali, ku tsidya la nyanja, koma iyamba ndi chinthu chimene inu muchidziwa koposa ife olemba. Mvula ikagwa usiku wonse m'mwezi wa Januwale, ndipo m'mawa munthu ali ndi ulendo wa ku chigayo kapena wa ku chipatala ku Namitete, atulutsa njinga yache, napalasa bwino pokhala ali pa mtunda. Koma akatsikira ku dambo, matope amata matayala, tcheni chilira, njinga ikana. Pamenepo mwini wache atsika, apinda buluku, aika njinga pa phewa, naoloka ndi miyendo yache. Atafika pouma akweranso. Palibe womuombera m'manja. Akachedwa, apeza mzere wautali ku chigayo, basi.

Tsono tamverani chodabwitsa. Ku Ulaya kuli anthu amene ntchito yomweyi adaisandutsa masewera, ndipo makamu a anthu amalipira ndalama kuti akaime m'mphepo tsiku lonse ndi kuonerera. Masewerawo dzina lao ndi cyclo-cross. Koma anthu a ku Flanders, chigawo cha kumpoto kwa dziko la Belgium, amati veldrijden m'chinenero chao, ndiko kunena kuti kupalasa m'minda. Amasankha dala malo oipa: dambo, mchenga, chitunda choterera, ngalande, mizu ya mitengo, ndipo pena amapingasa matabwa pa njira. Njirayo ndi yozungulira, ya makilomita atatu kapena pafupi ndi apo, ndipo amuna amazungulira momwemo kwa ora limodzi. Palibe lamulo lakuti munthu akhale pa chishalo nthawi zonse. Pamene njinga yakana, aisenze ndi kuthamanga nayo. Nyengo yache ndi ya chisanu cha kwao, kuyambira mwezi wa Seputembala kufikira wa Febuluwale, ndipo mipikisano imachuluka koposa pa masiku a Khrisimasi. Choncho pamene inu muli kubandira chimanga m'matope a kuno, iwonso ali m'matope a kwao.

Masewerawa adayambira ku France. Mpikisano woyamba wa dziko limenelo udachitika mu 1902, koma wa maiko onse udayamba mu 1950 ku Paris, ndipo adaupambana Jean Robic. Wopambana mpikisano wa maiko onse amamuveka malaya oyera okhala ndi mizere isanu pa chifuwa, yonga utawaleza, nawavala chaka chathunthu pa mipikisano yonse, kuti aliyense amzindikire ali patali. Kuyambira 1950 kufikira 1965 malayawo adangozungulira pakati pa anthu a ku France, Mtaliyana wina dzina lache Renato Longo, ndi Mjeremani Rolf Wolfshohl. Wa ku Belgium sadawavalepo ngakhale mmodzi.

Amene adatsegula khomo limeneli ndiye Erik De Vlaeminck. Adabadwa pa 23 Malichi 1945 m'tauni ya Eeklo, pakati pa mizinda ya Gent ndi Brugge, dziko lachigwa, lopanda mapiri, la madzi ambiri ndi ngalande. Kwao sikudali kwa anthu olemera. Banja lao lidali la anthu oyendayenda ndi malonda a zovala, monga achitira abale athu a kaunjika amene lero ayala pa msika uno, mawa pa msika wina. Patapita zaka ziwiri, mu 1947, kudabadwa mng'ono wache Roger, amene timutchulenso pansipa, pakuti mbiri ya mkuluyo siimveka bwino popanda mphwacheyo.

Mu Febuluwale 1966 mpikisano wa maiko onse udachitikira ku Beasain, m'mapiri a kumpoto kwa dziko la Spain. Erik adapita komweko ali ndi zaka 20 zokha, ndipo adasiya m'mbuyo amuna okhwima, pakati pao Wolfshohl yemwe uja amene adali atavala kale malayawo katatu. Mnyamata wa ku Eeklo adabwerera kwao ndi utawaleza pa chifuwa.

Kodi adawapambana ndi chiyani? Apa tiime pang'ono, chifukwa ambiri amayesa kuti mpikisano wa njinga ndi wa miyendo yokha. Pa msewu wa phula mwina ndi choncho. Koma m'matope mphamvu yopanda nzeru ingozunguza tayala pamalo amodzi. Chofunika ndi kudziwa kuwerenga nthaka: apa pali mkwasa wa anzanga, ndilowemo kapena ndiulambalale? Chitunda ichi ndikwera ndili pa chishalo, kapena nditsike? Wochedwa kutsika amaima chiriri pakati pa chitunda, anzache namupitirira; wofulumira kutsika amataya mphamvu kuthamanga pamene akadapalasa. Ndipo kutsikako sikuli kwa ife kuja koimitsa njinga ndi kuponda pansi mwaulemu ai. Katswiri amaponya mwendo kuseri kwa chishalo njinga ili kuyenda, naponda pansi ali kuthamanga kale, dzanja nililowa m'felemu, njinga nikhala pa phewa. Atapitirira choipacho aiponya pansi ndi kuilumphira osaima. Zonsezi zichitika pa kanthawi kophethira diso. Tsono muwerenge nokha: njira ikakhala ndi malo otere anai, ndipo aizungulira kasanu ndi katatu, munthu wodziwa kutsika ndi kukwera apindula kangati pa mnzache wosadziwa? Anthu amene adamuona Erik amasimba makamaka za chimenechi, kuti njinga idali ngati chiwalo cha thupi lache, ndi kuti ankapyola ali pa chishalo pamalo amene anzache ankatsika.

Njinga zao nazo si zonga zathu. Zilibe kaliyala, zilibe madigadi, zilibe belu kapena nyale, ndipo ndi zopepuka kotero kuti mwana angainyamule imodzi ndi dzanja limodzi. Matayala ache ndi aang'ono, a timano togwira nthaka, ndipo sawapopa kolimba, pakuti tayala lofewa limagwira matope koposa lolimba. Koma inu a kabaza ndi inu osenza matumba a makala musatengere zimenezi, chifukwa tayala lofewa pansi pa katundu lidzatsina chubu musanafike ku Mpingu. Aliyense wopikisana amakhalanso ndi anthu omthandiza oimirira pambali pa njira ndi njinga yina yotsuka kale. Iyi ikalemera ndi matope aisiya, natenga inayo.

Chaka chotsatira, mu 1967, ku Zürich m'dziko la Switzerland, njinga yache idaonongeka pakati pa mpikisano, ndipo malaya adawatenga Longo, kachisanu. Koma kuyambira pamenepo, kwa zaka zisanu ndi chimodzi zotsatana, padalibe munthu wina pa dziko lapansi amene adawakhudza.

Chaka cha 1968 ndicho chimene anthu a ku Eeklo sangachiiwale. Masiku amenewo mipikisano idali iwiri: wa iwo amene njinga ndiyo ntchito yao yolandira nayo malipiro, ndi wa iwo amene sadalowe ntchitoyo. Ku Luxembourg, Roger adapambana wachiwiriwu, ndipo Erik adapambana woyambawo. Ana awiri a mimba imodzi, tsiku limodzi, onse ndi malaya a utawaleza! Inu amai, taganizani nokha za mtima wa mai amene adawabala. Chaka chomwecho Erik adaonetsa kuti pa phula pomwe sadali wogona, pakuti adapambana ulendo wa tsiku limodzi mu Tour de France, mpikisano waukulu wozungulira dziko la France. Ndipo mu 1969 adapambana mpikisano wozungulira dziko la kwao.

M'matope namo zidangopitirira. Mu 1969 adapambana ku Magstadt m'dziko la Germany. Mu 1970 kwao ku Zolder, pamaso pa anthu a mtundu wache. Mu 1971 ku Apeldoorn m'dziko la Holland, kumene woyamba, wachiwiri ndi wachitatu onse adali a ku Belgium. Mu 1972 ku Prague adapambana kachisanu ndi chimodzi, napitirira Longo ndi André Dufraisse wa ku France, amene adali atapambana kasanu aliyense. Mu 1973 ku London adaonjezapo kamodzi, nakwanitsa maulendo 7.

Pano pali chinthu chimene chitisekeretsa ife olemba. Munthu amene adagonjetsa dziko lonse lapansi maulendo 7, mpikisano wa dziko la kwao adaupambana kanai kokha. Chifukwa chache chidali mnansi wache, Albert Van Damme wa ku Laarne, mwamuna wamkulupo pa iye, wolimba, wodziwa kuthamanga ndi njinga pa phewa, amene ankamtsata ngati chithunzithunzi chache. Ku Zolder ndi ku Apeldoorn wachiwiri adali Van Damme yemweyo. Anthu a m'midzi ya ku Flanders adagawikana, ena a uyu, ena a uyo, monga agawikana anyamata athu pa za mpira. Ndipo tiganiza kuti Erik sakadafika pamene adafika akadapanda kukhala ndi munthu wotere pa chitende chache Lamulungu liri lonse.

Wina afunsa: nanga ife Amalawi tidali kuti masiku amenewo? Tidalipo ndithu, ngakhale pa mpikisano wina. Chaka chomwe Erik adapambana ku Prague, mu 1972, dziko la Malawi lidapita koyamba ku masewera a Olimpiki, ku Munich, ndipo pakati pa amene adapita padali amuna awiri a njinga, Grimon Langson ndi Raphael Kazembe, amene adapikisana pa msewu. Koma mpikisano wa m'matope sudazike mizu kuno, ngakhale kuti matopewo ndi anthu odziwa kuwaoloka tili nao osowa powaika.

Tsono tafika pa gawo la mbiriyi limene likadakhala lokoma kulilumpha, koma tikalilumpha tikhala tanama.

Pa zaka zimenezo, pakati pa anthu opikisana pa njinga ku Ulaya padafala mankhwala otchedwa amphetamine. Ndiwo mankhwala othamangitsa tulo ndi kubisa kutopa. Munthu akamwa amadzimva ngati alibe malire. Koma kutopako sikuchoka, kungobisala, ndipo thupi limapitirira muyezo wache mwini wache osadziwa. Mphamvu yache ikatha, munthu amagwa m'chisoni ndi m'kusakhazikika, nafuna ena, ndipo mawa lache afuna ochulukirapo. Boma la Belgium lidaika lamulo loletsa mankhwala otere pa masewera mu 1965. Mu Julayi 1967 ngwazi ya ku England, Tom Simpson, idagwa nifa pa phiri la Mont Ventoux pakati pa Tour de France, dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'thupi mwache adapezamo mankhwala omwewa. Onse adaona, onse adalira, koma si onse adaleka.

Tiyenera kunena zoona mbali zonse ziwiri. Pa mipikisano yache, pamene ankamuyesa, Erik sadapezekepo ndi mankhwala oletsedwa. Koma chikondwerero cha ku London chitapita, zidadziwika kuti mankhwalawa adali atamgwira ukapolo, ndipo adayenera kulandira chithandizo cha madotolo kuti amasuke. Anthu adasimba zambiri za makhalidwe ache a masiku amenewo, zoona ndi zoonjeza pamodzi, monga achitira anthu munthu wotchuka akagwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ife sitizibwereza pano. Mwini wache adakana kulankhula za nyengo imeneyi kufikira imfa yache, ndipo tiyesa kuti chinsinsi chimenecho ndi chache. Chokhacho chooneka kwa onse ndi ichi: mu 1974 malaya a utawaleza adawavala Van Damme, mu 1975 adawavala Roger, ndipo mkulu uja sadalinso pamwamba.

Roger nthawi imeneyo adali pa chimake cha ulemerero wache. Adapambana kanai mpikisano woopsa wa Paris-Roubaix, wopita pa misewu yoyalidwa miyala, mu 1972, 1974, 1975 ndi 1977. Choncho dzina la De Vlaeminck silidachoke m'manyuzipepala. Lidangosuntha kuchoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono. Amene adakhalapo m'nyumba mmene mwana wina akwera pamene wina atsika adziwa kuti chimenecho si chopepuka kwa aliyense wa awiriwo.

Atachira, Erik adafuna kubwerera ku mpikisano. Kumeneko munthu sapikisana popanda chiphaso cha bungwe la njinga la dziko lache, ndipo chiphasocho chimakhala cha chaka chathunthu. Akuluakulu a bungwelo sadamkanize, koma sadamkhulupirirenso msanga. Adampatsa chiphaso cha tsiku limodzi. Akapikisana lero nakhala bwino, pa mpikisano wotsatira apemphenso china, cha tsiku limodzi chomwe.

Taganizani za chimenechi, abale. Mwamuna amene nyimbo ya fuko lache idaimbidwa chifukwa cha iye m'maiko 7, tsopano aimirira pa gome la mlembi ngati kamnyamata koyamba kumene, kupempha chilolezo cha tsiku limodzi. Ambiri akadapsa mtima, nanena kuti: kodi simundidziwa ine? Akadapachika njinga ku denga, nakakhala pa mowa kusimba za kale. Iye adatenga kapepalako, napita kukapalasa. Kwa ife, pa zonse adachita munthu ameneyu, ichi ndicho chidali chovuta koposa, kupambana chitunda chiri chonse cha ku Beasain. Ndipo tiyamikanso akuluakulu aja. Kumtsekera khomo kukadakhala kosavuta. Kumtsegulira lonse, ngati palibe chidachitika, kukadamuika pa chiyeso chimene mwina sakadachipirira. Iwo adatsegula pang'ono, namayang'ana. M'midzi mwathu muli mabanja amene ali ndi mwana wobwerera kuchokera ku chamba kapena ku kachasu, ndipo funso limene limawasowetsa tulo ndi lomweli: timpatsenso njinga ya kabaza, kapena ai? Timsiyire ndalama za fodya, kapena ai? Yankho la bungwe lija lidali la tsiku limodzi limodzi.

Ndipo adabwerera ndithu. Malaya sadawavalenso, koma mu 1977 ku Hannover, ali ndi zaka 31, adakhala wachitatu pa mpikisano wa maiko onse, kumbuyo kwa amuna awiri a ku Switzerland. Ena adati ndi kutsika, poyerekeza ndi kale. Amene ankadziwa kumene adachokera sadatero.

Atasiya kupikisana, bungwe lomwe lija limene lidampimira chiphaso cha tsiku limodzi lidamuika kukhala mphunzitsi wa anyamata onse a dziko la Belgium pa masewera a m'matope, ndipo adagwira ntchitoyo zaka zoposa khumi. Munthu amene sankamkhulupirira pa moyo wache womwe, tsopano adampatsa ana a eni ache kuti awalere. Adali mphunzitsi wosanyengerera. Ankadandaula poyera kuti ndalama zambiri zimapita kwa opikisana pa phula, pamene mamendulo amabwera ndi anyamata a m'matope. Pa zaka zache dziko la Belgium lidakhala mwini wa masewerawa: Paul Herygers adavala malaya mu 1994, Erwin Vervecken mu 2001, ndi Mario De Clercq mu 1998, 1999 ndi 2002. Marioyu ndi mwana wa René De Clercq, yemwe adaima wachitatu pambali pa Erik ku Apeldoorn mu 1971. Sven Nys, amene pambuyo pache adadzakhala dzina lalikulu, adakulanso m'nyengo yomweyi.

Koma pakati pa zaka zimenezi padagwa chinthu cholemera koposa zonse. Erik adali ndi mwana wamwamuna, Geert, amene adatsata mapazi a atate ache, nakhala wopikisana m'matope. Mu 1993, ali ndi zaka 26, pakati pa mpikisano, mtima wache udaima, nagwa pomwepo, namwalira. Atate ache adali pomwepo, kuonerera. Tsoka silinunkha. Pa ichi sitionjezapo mau, pakuti inu amene mudaika mwana wamkulu m'manda mudziwa zimene ife sitingathe kulemba. Amene ankamdziwa akadaopa kuti mwina abwerera kumene adachokera. Koma adapitiriza ntchito yache ya uphunzitsi, naimirira pambali pa njira m'mphepo ndi m'mvula, kuyang'anira ana a anzache. Ndipo malaya onse a Herygers, Vervecken ndi De Clercq amene tawerenga pamwambapa adabwera maliro aja atachitika kale.

Pa ukalamba wache adagwidwa ndi nthenda ziwiri, ya Parkinson yonjenjemeretsa thupi, ndi ya Alzheimer yoiwalitsa. Manja amene ankagwira chiwongolero pa nthaka yoterera sadathenso kukhazikika. Adamwalira pa 4 Disembala 2015, ali ndi zaka 70.

Chiwerengero chache cha 7 chidakhala zaka 52 popanda mwamuna wochifikira. Kwa akazi, Marianne Vos wa ku Holland adafika pa 8 mu 2022. Kwa amuna, Mathieu van der Poel, wa ku Holland yemwenso, ndiye adafika pa 7 mu Febuluwale 2025 ku Liévin m'dziko la France. Ku Zolder, kumene Erik adapambana mu 1970, anthu adatcha mpikisano wa kumeneko dzina lache iye akali ndi moyo, ndipo kwa zaka zambiri unkachitika tsiku lotsata Khrisimasi. Ku Zolder komweko, pa 31 Januwale 2016, isanathe miyezi iwiri chimwalirire iye, kudachitika mpikisano wa maiko onse, ndipo malaya a utawaleza adawavala mnyamata wa ku Belgium wa zaka 21, dzina lache Wout van Aert.